Makalata a Kamuzu ali ku Indiana, nanga zathu zili kuti?

Aphunzitsi a ku Kasungu:
Moni nonse pagulu pano. Amene mumaphunzitsa History kapena mumangoikonda, pali chinthu choti muchidziwe. Laibulale ya Indiana University ku America ikusunga mulu wa mapepala a Kamuzu umene amautcha H.K. Banda Archive. Muli makalata, zolankhula zake, zodula m'manyuzipepala ndi zina zotero. Anasonkhanitsa ndi mkulu wina wa ku America komweko, Donal Brody, amene anali bwenzi lake. Zina anazijambula n'kuziika pa intaneti, moti munthu ukhoza kuwerenga pafoni uli pakhonde pako. Lembani dzina limenelo pa Google, muzipeza. Ana anga a Fomu 4 amamudziwa Kamuzu kuchokera m'buku la silabasi basi. Tsopano ndikhoza kuwaonetsa kalata yeniyeni, tsiku lake lili pamwamba, dzina lake lili pansi.

Nangozo:
Zikomo aphunzitsi. Koma bwanji ku Indiana? Ine ndimangomva za Chicago ndi Scotland.

Aphunzitsi a ku Kasungu:
Anaphunzirako kanthawi, achemwali. Atachoka ku Wilberforce ku Ohio anapita ku Indiana, kenako ku Chicago kumene anamaliza mu 1931, ndiye udokotala ku Meharry ku Tennessee mu 1937. Ku Edinburgh anapita pambuyo pake. Ali ku Chicago ndi pamene katswiri wa zilankhulo Mark Hanna Watkins ankakhala naye pansi kumufunsa mawu ndi ziganizo, mpaka anatulutsa galamala ya Chichewa mu 1937. Chichewa cha m'buku limenelo ndi cha kuno ku Kasungu.

Achimwene a ku Joni:
Ine ndiye zikundiwawa. Munthu analamula dziko zaka 30, manda ake ali ku Lilongwe, koma makalata ake tizikawaonera kwa azungu? Zimenezi zinayenera kukhala ku Zomba. Fodya amapita kunja, madokotala athu ali kunja, pano ndi mapepala omwe.

Mayi a ku laibulale:
Achimwene, kuwawa kwanuko ndikukumva, koma tisasakanize zinthu. Mafayilo a boma ali ku National Archives ku Zomba, ofesi imene ilipo kuyambira 1947. Za ku Indiana ndi zimene munthu mmodzi anatolera payekha n'kukazipereka kumene mtima wake unafuna. Chimene anzathu a laibulale ya ku Indiana anachita n'chakuti anakhala pansi n'kulemba chikalata chilichonse: analemba ndani, ankalembera ndani, liti, za chiyani. Kenako zina anazijambula n'kuziika m'nkhokwe ya laibulale ya pa intaneti. N'chifukwa chake aphunzitsi azipeza ali ku Kasungu. Zathu zambiri zimafuna kuti ukwere basi, ukadzaze fomu, ukadikire bokosi litulutsidwe. Mphunzitsi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje sangachite zimenezo kuti akonzekere phunziro la Lolemba.

Achimwene a ku Joni:
Ndiye vuto si azungu okha, mukutero?

Mayi a ku laibulale:
Pali zina zimene anatengadi mobisa. Atsamunda akuchoka m'maiko ambiri ananyamula mafayilo ena n'kukawasunga ku Hanslope Park ku England, ndipo anavomera mu 2011 pamene okalamba a ku Kenya anawatengera kukhoti pa nkhani ya Mau Mau. Mwa mafayilo amenewo mulinso a Nyasaland. Pamenepo dandaulo lanu lili m'malo. Koma zimene zili m'mashelefu athu, palibe mzungu amene watigwira manja.

Madala a ku Ntcheu:
Ana anga, werengani ndithu, koma muziwerenga mukukumbukira amene anasankha zoti zisungidwe. Wosonkhanitsayo anali bwenzi la Ngwazi. Musayembekezere kuti nkhani yonse ya amene anatsekeredwa ku Mikuyu kapena ku Dzaleka muipeza m'menemo. Ife tinaona nthawi imeneyo. Kuchokera pamene nduna zinapatukana ndi Kamuzu mu 1964, maina a Chipembere ndi Chiume sankatchulidwa pagulu, ndipo munthu wanzeru sankalemba zimene akuganiza. Choncho pepala la nthawi imeneyo likamati zonse zili bwino, muzifunsa kuti wolembayo ankaopa ndani.

Aphunzitsi a ku Kasungu:
Mwanena zoona madala. Ine n'chimene ndikufunira makalatawo. Ndimupatse mwana kalata imodzi ndi kumufunsa kuti wolembayu ankafuna chiyani kwa amene akumulemberayo, ndipo wasiya dala kunena chiyani. Mwana wotero sanamizidwa msanga ndi uthenga wa pa WhatsApp.

Nangozo:
Ine ndilowetseko ya mbali ina, a Admin mundikhululukire. Ndikupanga Masters pa za ulimi wothirira. Ndinamva kuti pali munthu amene anafufuza kale dera lomwelo zaka zapitazo, ndipo thesis yake, buku la kafukufuku wakeyo, ili pa yunivesite ina, sinditchula. Ndinayenda ulendo, ndalama ya thiransipoti ndi yogonera ndinachita kubwereka. Nditafika anandiuza kuti buku ndi limodzi lokha, silituluka, ndipo kujambula ndi foni n'koletsedwa. Ndinakhala pabenchi kukopera ndi cholembera. Pofika pa chaputala chimene ndimachifuna kwenikweni, masamba anali atang'ambidwa, pangotsala tizidutswa m'mbali mwa ulusi. Wina anafika ine ndisanafike, nayenso analetsedwa kujambula, ndiye anangozula. Chikanakhala pa intaneti, bwenzi aliyense ali nacho ndipo bukulo lili lathunthu.

Namwino wa ku Leeds:
Pepani achemwali. Kuno ophunzira a PhD akamaliza amapereka kope ya pakompyuta kulaibulale. Ya Mmalawi amene anaphunzira kuno ndimaipeza msanga kuposa ya amene anaphunzira kwathu.

Mayi a ku laibulale:
Pepani ndithu mwana wanga. Ndiloleni ndifotokoze mmene zimayendera, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi nkhanza za ife ogwira ntchito.

Mayunivesite athu angapo ali nazo nkhokwe za pa intaneti zosungiramo ma thesis. Pulogalamu imene ambiri timagwiritsa ntchito ndi DSpace, imene inapangidwa ndi yunivesite ya MIT ya ku America pamodzi ndi kampani ya HP n'kutuluka mu 2002, ndipo ndi yaulere. Wophunzira akamaliza amapereka PDF, ife timalemba mutu, dzina, chaka, dipatimenti ndi chidule, kenako makinawo amapereka linki yosasintha. Pakapita nthawi Google Scholar, yofufuzira zolemba za akatswiri, imaiona. Kwa amene akumaliza masiku ano zimenezi n'zosavuta.

Mavuto ali pa zakale. Thesis ya 1985 inatayipidwa pa tayipi, ilibe kope ya pakompyuta. Pafunika munthu aziitsegula tsamba ndi tsamba pa sikana, ndipo yomatidwa zolimba siyitseguka bwino, mawu a mkati amabisika. Munthu ameneyo ndi yemweyo amene akubwereketsa mabuku pakauntala. Komanso thesis mwini wake ndi amene anailemba, ndiye sitingangoiika poyera popanda chilolezo chake. Wina anamwalira, wina ali kunja, wina ukamupeza amakana. Ndiye ukaiika, seva ifunika magetsi usana ndi usiku ndi munthu woiyang'anira. Ndaonapo nkhokwe itakonzedwa bwino ndi ndalama za pulojekiti, pulojekiti itatha linki n'kufa.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Koma mayi, amakaniranji? Si ndiye kutchuka kumeneko?

Mayi a ku laibulale:
Ena amafuna ayambe atulutsa m'magazini a akatswiri, ndipo zimenezo n'zomveka. Timawaikira nthawi, chaka chimodzi kapena ziwiri, anthu aziona mutu ndi chidule chokha, nthawiyo ikatha itseguke. Ena amaopa kuti anzawo akopera.

Nangozo:
Za kukoperazo ine sindigwirizana nazo. Thesis imene ili pashelefu ndi imene imabedwa bwino, chifukwa Turnitin, pulogalamu yogwirira okopera, siyikuidziwa. Munthu amakaikopera yonse, n'kungosintha dzina la boma, Salima n'kukhala Nkhotakota, ndipo palibe amene angamugwire. Ikakhala pa intaneti, wakuba amagwidwa tsiku lomwelo.

Aphunzitsi a ku Kasungu:
Ndipo tisaiwale moto. Pa 18 December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 anatha. Buku losindikizidwa ku London ukhoza kugulanso kapena kupempha kwa akufuna kwabwino. Koma chimene chinali ndi kope imodzi yokha padziko lapansi, ukachigula kuti?

Madala a ku Ntcheu:
Si koyamba. Mu 1919 maofesi a boma ku Zomba anapsa, ndipo mafayilo ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda anathera pomwepo. N'chifukwa chake wofufuza za nthawi ya Chilembwe amadalira kwambiri makope amene anatumizidwa ku London.

Ndikuuzeni za chuma china chimene achinyamata simukuchidziwa. Ine ndinali pa Chancellor zaka za m'ma 1970, koleji itangosamuka ku Chichiri kupita ku Zomba mu 1973. Ife a History a chaka chomaliza tinkatumidwa kwathu pa holide kukafunsa akuluakulu, n'kudzalemba pepala lokawerenga pa semina. Ine ndinakhala ndi gogo wina amene ali mnyamata anagwidwa utengatenga pa nkhondo ya chiwaya, ya 1914 ija. Anandionetsa paphewa pamene katundu anamusiyira chipsera, khungu lake lolimba, losamera cheya. Ankatchula malo amene ankagona mmodzimmodzi kulowera kumpoto, ndi maina a anzake amene anawasiya m'njira atafa ndi kamwazi. Akafika pa dzina lina ankasiya kulankhula, n'kufwenthera fodya, kenako n'kupitiriza. Ndinalemba zonse m'kope, n'kukatayipa pa sitensulo, ndipo tinapukusa makope pa makina a Gestetner kuti aliyense wa m'kalasi akhale ndi yake.

Mapepala otero analembedwa ambiri, chaka ndi chaka, a m'maboma osiyanasiyana, ndipo ankasungidwa mbali ya laibulale imene timaitcha Malawiana. Anthu amene tinawafunsawo onse anapita. Kope yanga ya kunyumba inadyedwa ndi chiswe. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma agonere pamalo poti adzukulu akawapeza.

Nangozo:
Madala, thupi langa lachita tsembwe. Mapepala amenewo akatswiri akunja amawatchula m'mabuku awo, koma ine sindinaonepo ngakhale limodzi ndi maso.

Achimwene a ku Joni:
Amenewo ndiye oyamba kuikidwa pa intaneti. Zonse zikwere basi, pasatsale kanthu.

A Gulupu a ku Dowa:
Zikomo a Admin, zikomo nonse. Ndakhala chete kuwerenga, koma mawu akuti zonse zikwere andiimitsa. Ine ndikukana.

Kumudzi kuno kumabwera ophunzira ndi makope awo. Ena amafunsa za feteleza, ena za zitsime, amenewo palibe vuto. Koma ena amabwera kudzafunsa za kudambwe. Amagula njira mwaulemu, amalowa, akuluakulu amawauza zinthu chifukwa tsopano ndi anzathu. Kenako munthu uja akalemba zonse, ndi zithunzi zomwe, ndipo inu mukuti zikhale pafoni ya mwana aliyense? UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 chifukwa tinausunga ndi mwambo wake. Zovina pabwalo aliyense aone, ajambule, palibe choletsa. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake, ndipo anamkungwi sanavomere kuti zikhale za dziko lonse.

Chachiwiri ndi maufumu. Mabwanamkubwa aang'ono aja, ma DC a chitsamunda, ankalemba m'mabuku awo kuti mfumu ya dera lakuti ndi uje. Nthawi zina ankalemba zimene wawauza womasulira, amene naye anali ndi mbali yake. Kuyambira 1912 boma linayamba kuika mafumu akuluakulu oyang'anira anzawo, ndipo ena anakwezedwa chifukwa anali pafupi ndi boma, osati chifukwa cha mbumba. Lero mnyamata akapeza tsamba limodzi lotero amabwera nalo pabwalo ngati Baibulo, mudzi n'kugawikana.

Achimwene a ku Joni:
Ulemu wanu a Gulupu. Za kudambwe ndavomera, ndinalankhula mothamanga. Koma za maufumu ndikuona mosiyana. Pepalalo likabisidwa, amene ali ndi ndalama yopitira ku Zomba ndi amene adzalipeze yekha, n'kubwera kudzawerenga mzere umene ukumukomera. Likakhala poyera, mbali zonse ziwerenga tsamba lonse.

A Gulupu a ku Dowa:
Mwina. Koma amayi a mbumba amene amadziwa mzere weniweni wa ufumu ambiri sawerenga Chingerezi. Pepala likafika pabwalo, mawu awo amachepa mphamvu. Ndaziona.

Madala a ku Ntcheu:
Apa a Gulupu akhudza pamene akatswiri athu anavutikira. Kings Phiri polemba mbiri ya Achewa anayenda m'midzi kufunsa akuluakulu, ndipo anasonyeza kuti zapakamwa ndi umboni ndithu, ukazifufuza bwino ndi kuziyerekeza. Choncho mankhwala ake si kubisa buku la DC. Pambali pake pakhale mawu a amayi a mbumba, ojambulidwa, olembedwa kuti analankhula ndani, kuti, liti. Pakali pano mzungu yekha ndi amene akumveka chifukwa ndi yekhayo amene analemba.

Namwino wa ku Leeds:
Ndiwonjezere za chipatala. Pa kafukufuku wa zaumoyo munthu amasayina kapena kudinda chala atauzidwa kuti dzina lake silituluka, ndipo makomiti ovomereza kafukufuku amayang'ana zimenezo kafukufuku asanayambe. Koma zolemba zakale zina zimatchula mudzi, zaka ndi ntchito ya munthu, mwachitsanzo mphunzitsi wamkazi wa pasukulu yakuti amene ali ndi kachilombo. Dzina palibe, koma mudzi wonse umudziwa. Pashelefu zinabisika, pa Google sizibisika. Asanakweze, wina aziwerenga kaye.

Mayi a ku laibulale:
Nonse mukunena zoona, ndipo makinawo amalola zimenezo. Chinthu chikhoza kukhala chotsegukira aliyense, kapena chooneka mutu wokha kuti wofuna apemphe, kapena chotsekedwa. Chimene chimasowa ndi munthu woti atiuze kuti ichi ndi cha mwambo. Ine ndinakulira m'tauni, a Gulupu, sindingadziwe chithunzi chimene chikuulula. Bwenzi zili bwino wophunzira aliyense wolemba za miyambo akanamabweza chaputala chake kwa amene anamuuza, iwo anene kuti apa tsekani.

A Gulupu a ku Dowa:
Kubweza kumeneko ndi kumene sitikuona, mayi. Amabwera, timawayalira mphasa, amayi amasiya ntchito kumunda kudzayankha mafunso, amadya nafe nsima. Akapita, apita. Zimene anapeza pa zitsime zathu sitinazimve mpaka lero. Ngakhale mutaziika pa intanetipo, zili m'Chingerezi cha ku yunivesite. Tsamba limodzi lokha la Chichewa, lonena kuti tinapeza chakuti, tikupempha chakuti, lingavute?

Nangozo:
Silingavute a Gulupu. Chidule cha thesis sichidutsa tsamba limodzi. Yanga ndikamaliza ndilemba cha Chichewa, ndipo ndikawerenga ndekha pamsonkhano wa alimi a pasikimu amene anandithandiza. Mayi a ku laibulale, makina anuwo amalola zidule ziwiri?

Mayi a ku laibulale:
Amalola. Ngakhale mawu ojambulidwa amalowa. Mukhoza kuika fayilo yoti munthu angomvetsera.

Ambewe a ku Chipata:
Muli bwanji abale a ku Malawi. Kuno yunivesite ya Zambia, UNZA, ili nayo nkhokwe yake, ndipo muli ma thesis ambiri okhudza chigawo cha kummawa, Cinyanja, Nyau ndi ufumu wa Gawa Undi. Muzifufuzanso kumeneko, pakuti ndife amodzi, ku Kulamba ku Mkaika timakumana chaka chilichonse.

Koma poti mwatchula mawu ojambulidwa, ine chimene chinandigwira mtima ndi nyimbo. Hugh Tracey anayenda ndi makina ojambulira mawu m'maiko athu ano zaka za m'ma 1950, ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia komwe. Anayambitsa International Library of African Music mu 1954, ndipo kuyambira 1978 ili ku South Africa, pa Rhodes University ku Makhanda, kumene kale kunkatchedwa Grahamstown. Muli bangwe, malipenga, nyimbo za pamtondo, ndipo ankalemba pa khadi dzina la woimba ndi malo. Ndinamvetsera ina ya amayi akusinja. Misi ikugunda mosinthana, wina akutsogolera, anzake akuvomera, ndipo mawu ake ndi odandaula za mwamuna amene anapita ku migodi osatumiza kalata. Agogo anga ankaimba yofanana nayo. Lero kwathu aliyense amapita kuchigayo, ana anga sanamvepo nyimbo ya pamtondo ngakhale imodzi.

Achimwene a ku Joni:
Ndili m'dziko lomwelo koma sindimadziwa. Ndiye nyimbo za agogo athu zili ku Eastern Cape?

Ambewe a ku Chipata:
Zili kumeneko, ndipo anazisamutsira pakompyuta. Iwo eni ake anayamba ntchito yobweza makope kumadera kumene zinajambulidwa. Mafumu ndi mawayilesi athu a m'madera atapempha mwadongosolo, ndikhulupirira kuti angamvedwe.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Zonsezi n'zabwino akuluakulu, koma bandulo. Ndinayesa kutsitsa thesis ina yojambulidwa pa sikana, inali yolemera kwambiri moti data inatha isanafike theka. Amene ali pa kampasi ali ndi Wi-Fi, ife a kunja kuno timagula tokha.

Mayi a ku laibulale:
Dandaulo limenelo ndi loona. Pa makampasi intaneti imadzera ku MAREN, imene imalumikiza masukulu a ukachenjede, ndiye ife ogwira ntchito timaiwala kuti kunja kuli bwanji. Chofunika ndi makope awiri, yolemera yosunga ndi yopepuka yowerengera pafoni, kapena kugawa machaputala. Pakali pano muziyamba mwawerenga chidule, chimaoneka popanda kutsitsa kanthu. Ndipo musanalipire paliponse, yang'anani kaye pa AJOL, tsamba la pa intaneti la magazini a akatswiri a mu Africa. Malawi Medical Journal mwachitsanzo ndi yaulere.

Aphunzitsi a ku Kasungu:
Ndithandizeko pa kafufuzidwe, chifukwa ambiri amalemba dzina la kwawo, sapeza kanthu, n'kuganiza kuti kulibe. Mapepala akale ali ndi maina akale. Mangochi lembani Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning, Chitipa ndi Fort Hill. Thyolo ankalemba Cholo, Mulanje Mlanje, Nkhotakota Kota Kota, Ntcheu Ncheu. Ambewe, kwanuko ndi Fort Jameson. Mmalo mwa Chewa yesaninso Cewa kapena Achewa. Ndipo ngati pepalalo linali la kaboni lofufutika, makina saliwerenga bwino, ndiye dzina likhoza kukhalamo koma osatuluka pofufuza. Pamenepo palibe kuchitira mwina, uwerenge ndi maso.

Namwino wa ku Leeds:
Aphunzitsi zikomo, ndasunga uthenga umenewu. Tsono ndifunse zanga. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo anasiya sutikesi ya makope. Ankalemba maubatizo, maukwati, maliro, tsiku limene mvula yoyamba yagwa chaka chilichonse, mitengo ya chimanga, ngakhale za njala ya 2002, amene anamwalira m'mudzi mwathu. Mulinso makaseti a kwaya ndi ena amene ankajambula agogo akusimba za ulendo wa ku Wenela. Sutikesiyo ili pansi pa bedi kumudzi. Mng'ono wanga akufuna kukachita laminate kuti zisaonongeke. Kodi zoterezi laibulale ingazifune, poti bambo sanali munthu wotchuka?

Mayi a ku laibulale:
Muimbireni lero lomwe mng'ono wanuyo, asachite laminate. Pulasitikiyo imamatirira ndi moto, siyichokanso, ndipo pepala limaonongekera mkati. Asamatenso ndi selotepi, imasiya chikasu. Achotse mapini ndi mastepulo a dzimbiri pang'onopang'ono. Sutikesiyo ichoke pansi, ikhale pamwamba pouma, kutali ndi khoma, chifukwa chiswe ndi chinyontho zimayambira pansi. Kujambula ndi foni kukwanira poyamba: panja pamthunzi, kope itagona pathebulo, tsamba lililonse motsatana kuyambira pachikuto, osadumpha ngakhale lopanda kanthu. Zithunzizo zikhale malo awiri kapena atatu, kwa inu ku Leeds ndi kumudzi. Makasetiwo asawayese m'wayilesi yakale, ikhoza kuwatafuna, ndipo asakhale padzuwa.

Kufuna ndiye tingazifune kwambiri. Za anthu otchuka zilipo kale. Buku la munthu wa kumudzi amene analemba tsiku la mvula yoyamba zaka zambiri motsatana ndi losowa, ndipo a zanyengo ndi a zaulimi angaligwiritse ntchito. Mukhoza kupereka makope a pakompyuta okha, mabuku enieniwo n'kukhala a banja. British Library ili ndi pulogalamu ya Endangered Archives imene imayendera mfundo yomweyo, zenizeni zimatsala m'dziko mwawo, ndipo kuno inathandizapo kujambula mapepala a maofesi a mafumu a nthawi ya atsamunda.

A Gulupu a ku Dowa:
Mwana wanga, musanapereke, khalani pansi ndi akubanja muwerenge. Mkulu wa mpingo amalembanso milandu, wakuti anadulidwa chifukwa chakuti. Ana a anthu amenewo alipo.

Namwino wa ku Leeds:
Zoona a Gulupu, milandu ilimo. Masamba amenewo tiwapatula, tikambirana ndi azakhali kaye. Za mvula ndi makaseti a agogo ndi zimene ndiyambire.

Madala a ku Ntcheu:
Nangozo mwana wanga, ukadzapita ku Zomba undiyang'anireko pepala langa lija ku Malawiana. Mutu wake ndi chaka ndikutumizira ku inbox. Likapezeka, chilolezo ndikupereka ine mwini wake ndikadali moyo, mayi a ku laibulale andiuze fomu yoti ndisayine. Adzukulu a gogo uja alipo kuno, ndikufuna ndikawawerengere maina a anzake aja.

Nangozo:
Tumizani madala. Ndipita mwezi wamawa ndikatha mayeso, ndipo ndikafunsanso ngati pali ndandanda ya mapepala onse a semina, ndidzaiike pagulu pano kuti aliyense aone ngati kwawo kunalembedwa.